Sway Calloway ndi Ntchito Youlutsa Hip Hop: Zimene Kamera Siionetsa

Ambiri amene amatsata hip hop kuno kwathu anamudziwira pa YouTube Sway Calloway: bambo wosavula chipewa, atakhala m'situdiyo yopanikizika, akugwedeza mutu uku mnyamata wina akulimbana ndi biti. Ena anayamba kumulabadira oimba a ku South Africa monga Nasty C, Cassper Nyovest ndi Stogie T atakafika pa pulogalamu yake. Wailesi yeniyeniyo sitiimva, poti SiriusXM, wailesi ya setilaiti imene pulogalamuyo imamvekapo, ndi ya anthu a ku America ndi ku Canada. Ife timangotola zidutswa za kanema. Koma zidutswazo zikuchokera pa ntchito imene munthuyu anaiyamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo aulutsi a hip hop amene akhalitsa chonchi ndi owerengeka. Mawu abwino si amene amusunga. Anthu a mawu okoma kumuposa anabwera n'kupita. Chimene chamusunga n'chakuti ali ndi gawo lakelake la pulogalamu limene amanyamula kulikonse kumene wapita, komanso oimba amadziwa kuti akakhala pampando wake sawachita chipongwe.

Dzina lake lenileni ndi Jonathan Calloway, anabadwa mu 1971 mumzinda wa Oakland ku California. Sanaphunzire za utolankhani poyamba, anayamba ngati woimba rap. Anagwirizana ndi DJ wina, King Tech, natulutsa chimbale mu 1991 pansi pa kampani ya Giant Records. Nthawi yomweyo wailesi ya KMEL ya ku San Francisco inawapatsa mpata woulutsa pulogalamu yawo, The Wake Up Show, imene inkamveka usiku kumathero a sabata. Kenako mawailesi a mizinda ina, kuphatikizapo Los Angeles, anayamba kuitenga.

Khomo la usikuli ndi limene analowera pafupifupi onse. Mr. Magic wa ku New York ankachita kugula yekha nthawi ya pakati pa usiku pa wailesi ya WHBI mu 1979, asanapite ku WBLS mu 1982 kukagwira ndi Marley Marl. Stretch Armstrong ndi Bobbito ankaulutsa pa WKCR, wailesi ya sukulu ya ukachenjede ya Columbia, kuyambira 1 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa, kuchokera mu 1990 mpaka 1998. Angie Martinez anayamba ndi kuyankha mafoni pa Hot 97. Zifukwa zake n'zosavuta kumva. Usiku otsatsa malonda salipira zambiri, motero bwana sadera nkhawa kuti mukuseweretsa ndalama. Komanso lamulo la ku America limamasukirako pa nkhani ya mawu olaula kuyambira 10 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa. Muulutsi wausiku amalakwitsa popanda womuwerengera, amasankha yekha nyimbo, ndipo omvera ake, ngakhale ali ochepa, ndi aja amene amauza anzawo.

Pa The Wake Up Show oimba ankabwera kudzalavula mavesi pompopompo. Mmodzi mwa amene anadutsapo mu 1997, asanatchuke, anali Eminem. Mu 2004 Eminem yemweyo anatsegula tchanelo chake cha Shade 45 pa wailesi ya setilaiti ya Sirius, ndipo mu 2011 pulogalamu ya Sway in the Morning inayamba kumveka pa tchanelo chimenecho. Muulutsi aliyense amene amanyozera achinyamata osadziwika aiganizire nkhani imeneyi.

Tiyeni tifike pa gawo limene limamudyetsa, la freestyle, pamene woimba amalavula mavesi pa biti pompopompo. Lake amalitcha 5 Fingers of Death: DJ amaponya mabiti asanu osiyana motsatizana, osachenjeza, ndipo woimba ayenera kusintha kayendedwe ka mawu osaima. Pa kanema zimaoneka ngati macheza chabe, koma pali masamu ndi mawaya kumbuyo kwake.

Bar imodzi ndi kugunda kunayi. Vesi ya ma bar 16 ndi kugunda 64. Pa biti ya liwiro la 90 BPM (kugunda 90 pa mphindi imodzi) vesi yotere imatha masekondi pafupifupi 43. Pa 70 BPM imafika masekondi 55. Pa 140 BPM imathera pa masekondi 27. Ndiye mabiti asanu, iliyonse itapatsidwa vesi imodzi, ndi mphindi pafupifupi zinayi. Muulutsi amene sadziwa zimenezi amapatsa gawoli mphindi ziwiri pa ndondomeko yake, kenako amadula woimba pakati kuti malonda alowe. DJ naye ayenera kuwerenga: biti yatsopano ilowe pa kugunda koyamba kwa bar, makamaka pakatha ma bar 8 kapena 16. Akasintha pakati pa bar, woimba amaphunthwa, omvera n'kumati mnyamatayu ndi wofooka, chonsecho wolakwa ndi wa pamakina. Mabiti aikidwenso mwanzeru. Yoyamba ikhale ya liwiro la pakatikati kuti munthu apeze mpweya, yovuta ibwere yachitatu kapena yachinayi. Ndipo zikhale zoimbira zokhazokha. Biti yotsitsidwa mwachisawawa pa intaneti nthawi zambiri imakhala ndi kolasi kapena mawu a mwini wake akutchula dzina lake masekondi angapo alionse, ndipo mawuwo amagundana ndi a woimba.

Vuto lalikulu limene limawononga ma freestyle m'masitudiyo ang'onoang'ono ndi kuchedwa kwa mawu m'mahedifoni. Mawu a woimba akamayamba alowa mu kompyuta kenako n'kubwerera m'makutu mwake, amafika mochedwa. Kuchedwako kukaposa mamilisekondi 10 kapena 15, munthu amayamba kumva ngati wina akumutsanzira, ndipo amatsalira pa biti. Mahedifoni a Bluetooth ndiye musayerekeze, amachedwa kuposa mamilisekondi 100. Mawu a m'hedifoni achokere pa mixer, makina osakanizira mawu, mwachindunji, kudzera pa waya, ndipo hedifoniyo ikhale yotseka makutu onse kuti biti isadonthere mu maikolofoni. Masipika a m'situdiyo azime maikolofoni ikangoyatsidwa.

Maikolofoni yoyenera ndi ya mtundu wa dynamic, monga Shure SM7B kapena Electro-Voice RE20, zimene zadzaza m'mawailesi a ku America chifukwa sizitola phokoso la m'chipinda ndipo zimapirira munthu akakuwa. Pakamwa pakhale masentimita 5 mpaka 10 kuchokera pa maikolofoni. Oimba amene anazolowera siteji amafuna kuigwira kumutu ndi dzanja, zimene zimapangitsa mawu kumveka ngati akuchokera m'chitini. Njira yake ndi kuimangirira pa mkono wake wachitsulo n'kuwauza asanayambe. Poyesa mawu musamuuze munthu kuti awerenge wani, thu, fili. Amanena motsitsa, kenako biti ikalowa amakweza kawiri, mawu n'kusweka. Muuzeni alavule ma bar anayi ndi mphamvu zake zonse, inu muike gain, mlingo wa mphamvu ya mawu olowa, moti pokwera kwambiri pazifika cha pa -10 dB, kusiya malo opumira. Compressor, chipangizo chotsitsa mawu akakwera kwambiri, ya 3:1 kapena 4:1 imakwana. Biti ikhale pansi pa mawu, osati kufanana nawo. Ndipo jambulani mawu paokha, biti payokha. Chifukwa chake tichiona kutsogoloku.

Ntchito ya muulutsi pa mphindi zinayi zimenezi ndi kudziletsa. Sway amakuwa, amaseka, amaimirira, koma mukamvetsera bwino muona kuti amachita zimenezi m'mipata, woimba akamapuma kapena mzere ukangotha, osati pamwamba pa mawu. Amadziwanso kusiyanitsa vesi yolembedwa kale ndi yopeka pompo, ndipo nthawi zina amaponyera woimba mawu kapena kumuonetsa chinthu kuti achilowetse mu vesi. Apa m'pamene kukhala kwake woimba kale kumamuthandiza. Muulutsi amene sanayambe wawerengapo ma bar amasangalalira malo olakwika, ndipo oimba amazindikira msanga.

Nanga kutukwana? Pa wailesi wamba ya FM ku America, bungwe la boma loyang'anira mawailesi la FCC limalipiritsa chindapusa. Mu 2001 linalamula wailesi ya KKMG ku Colorado kulipira madola 7,000 chifukwa choimba nyimbo ya Eminem, chikhalirecho inali yochotsedwa kale mawu oipa. Chilangocho anachichotsa mu 2002, koma mabwana a mawailesi anatengapo mantha. N'chifukwa chake pulogalamu ya pompopompo imadutsa pa makina a delay, amene amagwira mawu kwa masekondi 7 mpaka 10 asanapite kwa omvera. Mlendo akatukwana, wina amadina batani la dump, masekondi amenewo n'kutayidwa. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mukadina, nkhokwe ya masekondi ija imatha, ndipo makinawo amaidzazanso pang'onopang'ono. Woimba akatukwananso nthawi yomweyo, lachiwirilo limadutsa. Makina abwino amalola kugawa nkhokweyo m'zigawo kuti mutaye pang'onopang'ono, komabe ndi woimba wotukwana mzere uliwonse palibe makina angakupulumutseni. Freestyle yotere ijambulidwe kaye, iyeretsedwe, iulutsidwe pambuyo. Ndipo batanilo lisakhale m'manja mwa muulutsi, chifukwa iye maganizo ake ali pa funso lotsatira. Wailesi ya setilaiti, poti anthu amachita kulipira kuti aimve, ili kunja kwa lamulo limeneli, ndipo ichi n'chimodzi mwa zimene zimapangitsa ma freestyle a pa Shade 45 kumveka omasuka.

Za ndondomeko ya ola sitichedwapo. Ola lililonse lili ndi wotchi yake yolembedwa: apa nyimbo, apa kulankhula, apa malonda, apa kutchula dzina la wailesi. Ku America omvera amawerengedwa m'zigawo za mphindi 15, ndipo kwa zaka zambiri munthu ankawerengedwa ngati wamvera mphindi zisanu m'chigawo chimodzi. Chibwerereni kachipangizo ka PPM, kamene anthu osankhidwa amayenda nako ndipo kamadziwa kokha wailesi imene ikumveka pafupi, mabwana anayamba kuona mphindi yeniyeni imene anthu amathawira. Zotsatira zake, aulutsi anauzidwa kufupikitsa: lowani ndi mfundo imodzi, imalizeni, tulukani. Onjezani lamulo la 1996 limene linalola kampani imodzi kugula mawailesi ambirimbiri. Clear Channel inafika pokhala ndi mawailesi oposa 1,000, KMEL ili momwemo, ndipo mphamvu yosankha nyimbo inachoka m'manja mwa DJ kupita ku ofesi. Kucheza ndi woimba kwa mphindi 40 pa FM kunayamba kusowa malo.

Sway analowa ku MTV News mu 2000. Wailesi ya kanema ndi ntchito ina, ngakhale anthu amaiona ngati kungowonjezera kamera. Pa wailesi mutha kuwerenga pepala, kukodola producer, kutseka maso. Pa kanema zonsezo zimaoneka. M'khutu mumakhala kachipangizo kamene wotsogolera amakulankhulirani, kukuwerengerani masekondi otsala, inu muli pakati pa chiganizo, ndipo nkhope isasonyeze kuti wina akukulankhulani. Mawu olembedwa pa teleprompter, galasi la pa kamera limene mumawerengapo, ayenera kukhala a pakamwa panu. Mukalola wina kukulemberani osawakonza, mumveka ngati mukuwerenga kalata ya mwini. Pa khomo la mwambo wa mphoto mumakhala ndi mafunso awiri basi woimba asanakokedwe, ndiye funso lofunika likhale loyamba, ndipo likhale loti yankho lake liime palokha likadulidwa kukhala masekondi 15. Funso loyankhidwa ndi inde kapena ayi ndi lotayika.

Kumeneko anaphunziranso mwambo wa atolankhani: kutsimikiza nkhani isanatuluke, makamaka ya imfa, ya kumangidwa kapena ya mkangano wa oimba, chifukwa mu hip hop mphekesera yonenedwa pa maikolofoni itha kuvulaza munthu. Anacheza ndi Barack Obama mu 2008, komanso mu 2012 pompopompo kuchokera ku White House. Koma onani mmene mapulogalamu a kanema amafera. Yo! MTV Raps, ya Fab 5 Freddy, Ed Lover ndi Doctor Dré, inayamba mu 1988 n'kutha mu 1995. Rap City ya pa BET inatha mu 2008, 106 & Park mu 2014, ndipo MTV News yeniyeniyo inatsekedwa mu 2023. Aulutsi amene kutchuka kwawo kunali kwa pulogalamu ya eni anazimirira nayo limodzi. Amene anapulumuka ndi aja sanasiye wailesi.

Luso lofunsa mafunso limaoneka bwino zinthu zikavuta. Mu November 2013 Kanye West anabwera pa Sway in the Morning akudandaula kuti makampani akuluakulu a zovala sakumupatsa mpata. Sway anamufunsa chifukwa chake osangodzipangira yekha. Kanye anapsa mtima, n'kuyamba kumukalipira mobwerezabwereza kuti alibe mayankho. Kanemayo alipo, ndipo ndi phunziro labwino kuposa buku. Sway sanapikisane naye kukuwa, sanaseke, komanso sanabweze funso lake. Anamukumbutsa kuti safunika kukalipa, namusiya atulutse mpweya, kenako macheza anapitirira mpaka anasiyana bwino. Mu 2022 Kanye ananena pa Good Morning America kuti Sway ndiye anali ndi yankho. Mfundo si yakuti ndani anapambana. Funsolo linali loona, lochokera pa zimene mlendo anali atangonena kumene, osati pa pepala.

Kukonzekera kwake n'kotere. Chimbale cha mlendo chimveredwe chonse, osati nyimbo imodzi imene ikuvuta m'tauni, ndipo mulembe mizere iwiri kapena itatu imene mukufuna akufotokozereni. Onerani macheza ake aposachedwa kuti mudziwe mafunso amene watopa nawo ndi mayankho amene analoweza. Papepala pakhale mitu isanu kapena isanu ndi umodzi, osati mafunso 20, chifukwa mndandanda wautali umakupangitsani kudikira mpata wofunsa m'malo momvetsera. Funso lovuta lisakhale loyamba, munthu asanakhazikike, komanso lisakhale lomaliza, pamene omuyang'anira ayamba kale kuloza wotchi. Mlendo akamaliza kuyankha, dikirani masekondi awiri kapena atatu. Nthawi zambiri chenicheni chimatuluka pamenepo. Omuyang'anira akabwera ndi mndandanda wa nkhani zoletsedwa, gwirizanani musanayatse maikolofoni, ndipo mukavomera sungani. Mukamubisalira munthu mudzapeza kanema mmodzi wotchuka, koma oimba amauzana. Anzake a pa pulogalamu, monga Heather B ndi Tracy G, ali ndi ntchito yawo apa: wina amafewetsa, wina amafunsa chimene mwini pulogalamu sangafunse. Koma agwirizane kuti wotsogolera ndani, apo ayi anthu atatu amalankhulira pamodzi.

Ndalama zimabwera m'njira zingapo: malipiro a pa wailesi, gawo la ndalama pulogalamu ikatengedwa ndi mawailesi ena, kutsogolera zoimbaimba, kuwerenga malonda ndi mawu anu, ndi za pa intaneti. Palinso njira ina imene imagwetsa anthu, ya kulandira kangachepe kuti nyimbo iimbidwe. Ku America amati payola, ndipo n'kulakwira lamulo kulandira kanthu osauza omvera. Mu 2005 kampani ya Sony BMG inavomera kulipira madola 10 miliyoni pa nkhani imeneyi atafufuzidwa ndi Eliot Spitzer wa boma la New York, ndipo mu 2007 makampani anayi a mawailesi analipira madola 12.5 miliyoni. Kupatula za lamulo, pali kuwonongeka kwina. Katundu amene muulutsi wa hip hop amagulitsa ndi khutu lake. Omvera akangodziwa kuti kuyamikira kwake n'kogula, mawu ake akuti "uyu ndi katswiri" sathandizanso ngakhale woimba amene walipirayo.

Pa kontirakiti pali mizere itatu yoti muiwerenge kawiri. Woyamba, dzina la pulogalamu ndi la gawo lanu ndi la yani mukachoka. Wachiwiri, mukuletsedwa kwa miyezi ingati kugwira ntchito pa wailesi ina ya mumzinda womwewo. Miyezi isanu ndi umodzi osamveka imakwana kuti omvera azolowere wina. Wachitatu, zojambulidwa ndi za yani, ndipo ndani ali ndi chilolezo choziika pa intaneti. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Dzina la Sway lili m'dzina la pulogalamu yake, ndipo makanema amatuluka pa tsamba lotchedwa Sway's Universe, motero amene amawaonera ku Lilongwe kapena ku Johannesburg amadziwa iyeyo, ngakhale sanamvepo Shade 45. Mu 2020 analowetsedwa mu Radio Hall of Fame, chaka chimodzi ndi Angie Martinez komanso a The Breakfast Club.

Tibwerere ku nkhani yojambula mawu ndi biti padera. Freestyle ikaikidwa pa YouTube ili pa biti ya nyimbo yodziwika, makina a YouTube ofufuza nyimbo za eni, otchedwa Content ID, amaizindikira, ndipo mwini biti atha kutenga ndalama za malonda, kuletsa kanemayo m'maiko ena, kapena kumutsekeratu. Ngati munajambula zonse pa track imodzi, mwagwidwa. Ngati mawu ali paokha, mutha kuika pansi pake biti ina ya liwiro lomwelo imene muli nayo chilolezo, ngakhale zimafuna khutu kuti kugunda kugwirizane. Njira yabwino koposa ndi kugwirizana ndi opanga mabiti atatu kapena anayi, akupatseni mabiti awoawo ndi chilolezo cholembedwa, inu muziwatchula m'kanema. Mlendo naye asaine kapepala kololeza kuti nkhope ndi mawu ake zigwiritsidwe ntchito, asanatuluke m'situdiyo, chifukwa akadzasaina ndi kampani yaikulu maloya ake sadzakhala ofewa ngati iye. Kamera zikhale ziwiri, ina pa woimba ina yotenga chipinda chonse, ndipo wina aombe m'manja kamodzi poyamba kuti pokonza mudzapeze polumikizira mawu ndi chithunzi. Mafailo asungidwe malo awiri osiyana, lililonse litalembedwa tsiku, dzina la mlendo ndi mabiti amene anagwiritsidwa ntchito, kuphatikizapo a oimba amene lero palibe akuwadziwa.